Nsalu Ichapidwe Isanadulidwe

 Ena mwalowera pa Mwami, ena pa Zobue, ena mwagona m'basi masiku awiri kuchokera ku Johannesburg ndipo miyendo ikadali yotupa. Zikomo pobwera. Kwanu mumati chilimba, ena mumati xitique, ena mukando, ena stokvel, ife kuno timati chipereganyu kapena banki m'khonde, koma tonse tikudziwa mmene mtima umagundira tsiku lobweza ngongole likafika m'thumba mulibe kanthu.

Amayi alembi atandiimbira foni kuti ndidzalankhule za ntchito yanga ya usoki, ndinawafunsa kuti: ndinene zokoma zokhazokha, kapena ndinene zonse? Iwo anati zokoma tamva zambiri, inu mudzanene zonse. Ndiye lero ndikuuzani za makabudula 30 a nsalu ya lineni, mmene anatsala pang'ono kundichotsa m'gulu, ndi zimene ndikudziwa tsopano pa kasokedwe kake. Amene muli ndi makina kunyumba tcherani khutu. Amene mulibe makina musagone, chifukwa ndalama zimene ndinatsala pang'ono kumiza zinali za amayi osasoka.

Ine kusoka ndinaphunzira kwa mayi anga, pa Singer yopukusa ndi dzanja. Pano ndili ndi makina opalasa, ali pakhonde. Chakudya changa chenicheni ndi yunifolomu ya sukulu ndi zovala za zitenje, koma mukudziwa kuti yunifolomu ili ndi nyengo. Sukulu zikatsegulira, mwezi umodzi sugona, kenako makina amangodya fumbi. M'mwezi wa Ogasiti 2023 mayi wina amene amayendetsa kasitolo pa malo ena ogona alendo kunyanja, ku Mangochi, anaona siketi imene ndinasokera mchemwali wake. Anandiitanitsa. Anati alendo ake amafuna makabudula opepuka a nthawi yotentha, a amuna ndi a akazi, koma akhale a lineni, osati a chitenje. Anafuna 30, afike Okutobala asanathe. Ndinavomera ndisanagwirepo lineni ndi sizasi chibadwire. Sindinapemphe ngakhale ya chikole. Ndinkaopa kuti ndikatchula ndalama asintha maganizo.

Ndiyambe ndafotokoza nsaluyi, poti ambiri timangoimva dzina. M'Baibulo mumaipeza ndi dzina loti bafuta, koma mukapita m'sitolo n'kunena kuti mukufuna bafuta adzakupatsani nsalu yoyera ya thonje, mwinanso adzakupepesani poganiza kuti kwagwa zovuta. Muzingoti lineni. Siichokera ku thonje ayi. Imachokera ku chomera chotchedwa fulakisi, chowonda ngati udzu, chotalika pafupifupi mita imodzi, cha maluwa obiriwira ngati kumwamba. Chimakhwima pa masiku pafupifupi 100. Sachidula, amachizula ndi mizu yomwe, n'kuchiyala m'munda momwemo kuti mame ndi mvula ziwoletse khungwa, ndipo ulusi amautenga m'tsinde, monga mmene agogo athu ankasendera luzi. Fulakisi wambiri wa nsalu amalimidwa ku France, Belgium ndi Netherlands, ndipo wochuluka amapita ku China kukapotedwa ndi kuwombedwa. Ndiye nsalu ikamafika m'manja mwanu yawoloka nyanja kawiri kapena katatu, ndipo paliponse yalipiridwa ndi ndalama zakunja. N'chifukwa chake ndi yodula. Mukumbukire mfundo imeneyi, ibweranso.

Ubwino wake umadziwika mu Okutobala ndi Novembala. Amayi a ku Tete, a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, inu ndiye mboni za kutentha. Nsalu ya pulasitiki ija, poliyesita, imatsekera thukuta m'thupi, munthu n'kumayenda ngati wavala jumbo. Lineni imamwa thukuta n'kuuma msanga, siikakamira pakhungu, mphepo imadutsa. Ndi yolimba kuposa thonje, ndipo ikamachapidwa kawirikawiri imanka nifewa m'malo motha. Koma ili ndi makhalidwe atatu ovuta: imakwinyika, imayoyoka ulusi m'mphepete mukangoidula, ndipo ikalawa madzi koyamba imabwerera, kutanthauza kuti imachepa. Ziwiri zoyambazo ndinaziona ndi maso tsiku loyamba. Chachitatucho palibe anandiuza, ndipo ine sindinafunse. Paja safunsa anadya phula.

Lamulo la gulu lathu n'loti munthu akhoza kukongola mpaka katatu ka masheya ake. Mu Seputembala ndinakongola mpaka pa malire penipeni. Ndalamazo ndinatumiza kwa mnzathu wa m'bungwe lomwe lino amene amakhala ku Johannesburg, ali pompano, ndikumuona akubisa nkhope. Iye anapita ku Fordsburg, ku masitolo a nsalu a ku Oriental Plaza, n'kundigulira mamita 36, mitundu itatu: yoyererako, yabuluu ndi yofiirira ngati dothi. Anagula nsalu yeniyeni, pa iye palibe mlandu. Katundu anakwera basi, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Mwanza, n'kufika mochedwa ndi masabata awiri. Nditamasula mtolo ndinaona nsalu yosalala, yowuma bwino ngati pepala, yonunkhira usitolo. Mtima unati: ndiichapirenji nsalu yatsopano? Ikwinyika, itha kukongola, ndiponso masiku andithera. Usiku womwewo ndinayala pa tebulo n'kuyamba kudula.

Ndinasoka masiku 16, mwana wanga wamkazi akundithandiza kulowetsa lastiki. Anatuluka okongola, sindinama. Ndinawanyamula pa minibasi mpaka ku Mangochi, mayi uja anawayamikira, anati ndalama atumiza sabata yamawa. Patapita masiku anayi foni inalira. Mlendo wina anagula kabudula mmodzi, antchito anamuchapira, ndipo atauma sanathenso kumukwana. M'chiuno munalibe vuto poti muli lastiki, koma m'ntchafu munathina, m'mphechepeche munakwera, ndipo mwendo umodzi msoko wake unapotokera kutsogolo. Mayi uja anachapa ena awiri kuti atsimikize. Chimodzimodzi. Anawabweza onse, ndipo thiransipoti yobwezera ndinalipira ndine.

Ndinati ndilimbe mtima, ndigulenso nsalu pang'ono, ndisokenso. Ndikuganiza choncho, pa 9 Novembala 2023 kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amayi a ku Malawi mukukumbukira mmawa umenewo, mitengo m'masitolo inasintha dzuwa lisanafike pamutu. Nsalu imene imagulidwa ndi randi inangoti kutali. Ndinatsala ndi makabudula 30 okanidwa, ngongole yokwana katatu ka masheya anga, chiwongoladzanja chikuyenda mwezi ndi mwezi, ndipo kugawana kwathu kunali mu Disembala.

Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Kwathu ndalama za kugawana ndi za feteleza. Tsiku logawana gulu linatenga masheya anga onse, koma anangotseka gawo limodzi mwa magawo atatu. Chotsalacho chinachepetsa gawo la aliyense. M'gulu mwathu muli mayi wina wachikulire, wamasiye, amene amalera zidzukulu zinayi ndipo amagula sheya imodzi imodzi ndi ndalama za mandasi. Chaka chimenecho anakwanitsa feteleza wokulitsa yekha, wobereketsa sanagule. Sanandinene. Ankandipatsa moni ngati kale, n'kumandifunsa ngati makina akuyenda. Bwenzi atanditukwana, mwina ndikanagona tulo. Ena anafuna kuti makina anga agwidwe, ndipo sindikuwadandaula, malamulo athu amalola. Amayi osunga chuma ndi amene anati: mukamulanda makina abweza ndi chiyani? Anandipatsa mpaka Malichi.

Tsopano ndinene za ntchito yeniyeniyo, kuti wina asadzapondenso pamene ndinaponda ine.

Poyamba, tsimikizani kuti mwagula lineni. M'masitolo a ku Limbe, ku Kamwala ku Lusaka, ngakhale ku Johannesburg komweko, muli nsalu zambiri zooneka ngati lineni koma zili poliyesita kapena zosakaniza. Chikomekome cha mkuyu. Finyani ngodya ya nsalu m'dzanja, muwerenge mpaka teni, mutambasule. Lineni imatsala ndi makwinya akuthwa, pulasitiki imabwerera mwakale. Ikani pa tsaya, lineni imazizira. Yang'anani padzuwa, mudzaona timfundo ta ulusi apa ndi apo, ulusi wina wonenepa wina wowonda. Koma mayeso osanama ndi moto. Pemphani kachidutswa, mutuluke panja, muyatse machesi. Lineni imayaka ngati pepala, imanunkha ngati udzu wopsa, imasiya phulusa lofewa lotuwa. Poliyesita imasungunuka, imanunkha pulasitiki, imasiya kambulu kolimba kakuda. Motowu umagwira pulasitiki yokha, poti thonje nalo limayaka ngati pepala, ndiye muphatikize ndi mayeso a dzanja aja. Wogulitsa akakana kukupatsani kachidutswa, dziwani kuti pali chimene akudziwa. Ndipo pa kabudula musatenge yopyapyala kwambiri. Ikani dzanja kuseri kwake padzuwa: ngati zala zikuwerengeka, imeneyo ndi ya bulauzi.

Amene mulibe mpamba wa nsalu yatsopano, pitani pa kaunjika, kapena salaula, mabhero, calamidade, mmene mumatchulira kwanu. Muyang'ane madiresi akuluakulu, mathalauzi a anthu onenepa, nsalu za patebulo, n'kuwerenga kachikwangwani ka m'kati. Pakalembedwa linen, lin kapena linho, ndi yomweyo. Ya pakaunjika ili ndi ubwino wina: inachapidwa kale kambirimbiri, inabwerera kale, yafewa. Ine ndikanayambira pamenepo bwenzi lero ndikulankhula nkhani ina.

Mukafika nayo kunyumba nsalu yatsopano, sizasi ibisike. Yambani mwasoka m'mphepete modulidwamo, zigizagi kapena kungopinda kamodzi, kuti isayoyoke m'madzi. Kenako yezani mita imodzi, muike chizindikiro cha ulusi kumayambiriro ndi kumapeto. Vikani m'madzi ofunda, mtundu uliwonse m'beseni lakelake chifukwa yabuluu ndi yofiira zimasuluka. Chapani ndi sopo monga mmene mwini chovala adzachapire, tsukuluzani, musapotokole mwamphamvu, yanikani pamthunzi. Ikauma yezaninso. Yanga ija, pa zidutswa zimene zinatsala, mita imodzi inabwerera ndi masentimita 6 m'litali, m'lifupi pang'ono. Masentimita 6 akumveka ochepa, koma pa mamita 36 ndi mamita awiri athunthu amene ndinalipira koma kunalibe. Ine tsopano ndimachapa kawiri. Ikapanda kusintha kachiwiriko, ndiye kuti yakhazikika. Muisite ikadali ya chinyezi, simbi yotentha bwino. Lineni siopa moto, koma simbi yamakala imalavula timoto, choncho muziyala kansalu kena pamwamba. Ya mtundu wakuda muzisitira kunsi, kuti isanyezimire.

Chachiwiri chimene chinandipweteka ndi ulusi wa nsalu. Nsalu yowombedwa ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa. Mwendo wa kabudula uyenera kutsata ulusi wa m'litali, kufanana ndi mphepete ya kufakitale ija. Ine pofuna kupulumutsa nsalu ndinkapendeketsa pateni kuti zidutswa zilowelane, ndipo n'chifukwa chake msoko unapotoka atachapa. Pa lineni kupeza mzere wowongoka n'kosavuta: tsomphulani ulusi umodzi wopingasa, muukoke mpaka utuluke, pamatsala kanjira kooneka bwino, mudule motsata kanjirako. Mukatero nsalu yanu yaima chilili.

Pateni musagule. Tengani kabudula amene amakukhalani bwino, kapena wa bambo a kunyumba, mulowetse mwendo umodzi mu unzake, muyale pa pepala la thumba la simenti kapena nyuzipepala, mujambule. Koma apa mvetsetsani, poti ndi pamene atelala ambiri ongoyamba amagwera. Kutsogolo ndi kumbuyo sikufanana. Chidutswa cha kumbuyo chimakhala chotambalala, chigoba chake cha m'mphechepeche n'chachitali ndiponso chakuya, ndipo m'chiuno chimakwera masentimita awiri kapena atatu kuposa cha kutsogolo. Ife amayi a kuno Mulungu anatipatsa mbuyo, tisachite manyazi, tiziyeza. Mukadula zidutswa zinayi zofanana, munthu akawerama kuti atole kanthu msana wonse uli pamtunda. Jambulani kutsogolo pakokha, kumbuyo pakokha, ndipo mulembe dzina pa pepala lililonse.

Lineni siitamuka ngati nsalu ya sikipa, ndiye mpata muupereke ndinu. Yezani pamene thupi latambalala kwambiri, muwonjezere masentimita 8 mpaka 10. Kabudula wa nthawi yotentha akathina ndiye kuti cholinga chatha. Kenako muuzeni munthuyo akhale pa mpando wolimba, muyeze kuchokera m'chiuno kutsika m'mbali mpaka pa mpandopo, muwonjezere masentimita awiri. Muyeso umenewu ndi umene umachititsa kuti munthu akhale pansi mwamtendere. Pa msoko uliwonse siyani sentimita imodzi ndi theka, kumiyendo masentimita atatu opindira, ndipo m'chiuno masentimita asanu ngati lastiki yanu ndi ya masentimita atatu. Nsalu ikakhala ya masentimita 140 m'lifupi, wamkulu mmodzi amadya mita imodzi, wa thupi ndithu ndi matumba omwe mita ndi kota.

Singano ya nambala 14 imakwana pa lineni ya kabudula, yopepukirapo 12, koma ikhale yatsopano. Singano yobuntha imakoka ulusi n'kusiya mzere pansalu umene sungafafanizike. Misoko isakhale yaing'ono kwambiri, mamilimita awiri ndi theka ndi bwino. Matumba muyambe ndi amenewo zidutswa zikadali zoyalika, ndipo musawamane anthu matumba, makamaka amayi. Foni tiziika kuti? Ine nsalu ya m'kati mwa thumba ndimagwiritsa ya thonje yotchipa, lineni ndimangoika kachidutswa pakamwa pa thumba pamene pamaoneka.

Nkhani ya kuyoyoka ija. Amene muli ndi ovaloko, Mulungu akudalitseni, magetsi akakhalapo. Enafe tili ndi msoko wobisa, umene m'mabuku a usoki amautcha wa Chifalansa. Mumayamba mosemphana ndi chizolowezi: kunja kwa nsalu kuyang'ane kunja, musoke theka la sentimita kuchokera m'mphepete, muchepetse ndi sizasi timaulusi totuluka, mutembenuze, musite, musokenso sentimita imodzi. Mphepete yonse yatsekeredwa m'kati, palibe choyoyoka, ndipo pakhungu sipakanda. Zimatenga nthawi kawiri, koma kasitomala wodziwa zovala amayamba watembenuza chovala kuona m'kati asanafunse mtengo. M'mbali ndi m'kati mwa miyendo ndimasoka choncho. Mukamaliza miyendo iwiri payokhapayokha, mulowetse umodzi mu unzake, kunja kukhudzane ndi kunja, musoke chigoba chija kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamenepo msoko wobisa umavuta chifukwa pakhota. Sokani kawiri, mzere pa mzere, poti ndi pamene pamang'ambika munthu akamakwera njinga, kenako mukulunge mphepete ndi kachingwe ka nsalu kodulidwa mopendeketsa.

M'chiuno pindani sentimita imodzi, musite, mupindenso masentimita anayi, musite, musoke n'kusiya kampata. Lastiki ichepe ndi masentimita pafupifupi asanu pa muyeso wa m'chiuno, koma lastiki zimasiyana mphamvu, ndiye ndi bwino kumuyesa munthuyo. Lowetsani ndi pini, mulumikize, mutseke kampata, ndipo musoke modutsa lastikiyo m'mbali zonse ziwiri kuti isamapindike m'kati. Mwaona kuti mawu oti musite ndawabwereza kangati? Pa lineni simbi imagwira theka la ntchito. Ubwino wake imamvera: mukangopinda ndi chala n'kukanda ndi chikhadabo, mzere wakhala. Simbi ikhale pambali pa makina, makala asazime.

Za makwinya muwauziretu makasitomala. Kabudula wa lineni ukangokhala naye pansi kamodzi wakwinyika, ndipo palibe mankhwala ake. Azungu a kunyanja aja amakonda choncho, amati ndiye chizindikiro choti ndi yeniyeni. Koma bambo wa kwathu kuno, amene anazolowera thalauzi la mzere wakuthwa, adzabwera kudzakufunsani kuti mwamugulitsa chiyani. Muuzeni asanalipire.

Mwina wina akudzifunsa kuti, kodi makabudula a amayi ali ndi msika kuno? Funso labwino. Ife amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira kuti kuyambira 1973 lamulo linkaletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi pagulu, mpaka linachotsedwa mu 1993. Ngakhale mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe chifukwa cha mathalauzi. Ndiye sindingakunamizeni kuti mukayala makabudula a amayi pa msika wa kumudzi adzatha. Ine mwini simudzandiona nawo pamsewu, apongozi anga akadali moyo. Koma ndimavala m'nyumba, ndi kunsi kwa chitenje ndikamapita kumunda kapena pa ulendo wa basi, ndipo amayi amene anayesa amabweranso. Ndimawasokera ofika m'mawondo, otambalala, ooneka ngati siketi. Ogula ambiri ndi abambo, ana, atsikana a m'tauni, ndi alendo akunyanja. Ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg msika ndi wina, inu eni ake mukudziwa. Dziwani kaye amene adzavale musanakongole.

Mitengo sinditchula, chifukwa muno muli makwacha awiri osiyana, metikali, randi ndi dola, ndipo kabuku aka kakamadzasindikizidwa mtengo udzakhala utasintha. Ine ndinasiya kuwerengera phindu mu ndalama. Ndimawerengera mu mamita. Ndikagulitsa kabudula mmodzi ndimadzifunsa: ndalama iyi ingandigulire mamita angati a nsalu yomweyi lero, itafika pakhomo panga? Lero, osati tsiku limene ndinagula. Mita yoyamba ndi yobwezera nsalu. Yachiwiri ndi ya lastiki, ulusi, singano, sopo, makala, thiransipoti, za pachipata ndi chiwongoladzanja cha gulu. Yachitatu ndi ya msana wanga ndi maso anga. Mtengo ukapanda kufika mamita atatu, ntchitoyo ndimaikana, ngakhale oda ikhale yaikulu bwanji. Amayi ambiri timaiwala kudzilipira, timati bola ndalama yalowa, chonsecho tikudya mpamba. Ndipo kwacha ikagwa usiku, amene anawerengera mtengo wa dzulo amagulitsa katundu yense n'kupeza kuti sangagulenso theka lake.

Pano oda iliyonse yoposa zovala zisanu ndili ndi njira yake. Ndimasoka chimodzi, ndimachichapa, ndimachipereka kwa mwini oda kuti nayenso achape ndi kuyesa. Akavomera, apereke theka la ndalama, tilemberane pa pepala kapena pa WhatsApp: chiwerengero, masaizi, tsiku. Chikolecho ndicho chimagula nsalu. Ku gulu ndimangokongola chopereweracho, ndipo sindifikanso pa malire. Ndikupempha makomiti a ngongole m'magulu athu onse kuti muzifunsa mafunso. Ine palibe anandifunsa kuti nsaluyi munaisokapo? Oda yalembedwa? Chikole mwalandira? Tinkaona ngati kufunsa n'kumuchititsa manyazi mnzathu. Akanandifunsa, ndikanakwiya tsiku limodzi, koma mayi wamasiye uja akanathira feteleza wake.

Mukufuna kudziwa kuti makabudula 30 aja anathera kuti. Ndinawachapa onse kawiri, ndinawasita, ndinawayezanso limodzi limodzi. Amene anali aakulu anasanduka apakati, apakati anasanduka aang'ono, ndinangosintha zikwangwani. Okwana 21 anapulumuka choncho. Opotoka aja, 9, ndinawasula msoko uliwonse ndi lezala, usiku, pa nyali, n'kudulamo a ana motsata ulusi. Zidutswa zotsala ndinasoka timatumba ta foni ndi zomangira tsitsi. Ndiye panabwera bungwe lino. Nditalemba vuto langa pa gulu lathu la pafoni, ndi manyazi onse, mayi wina wa ku Tete amene amabwera kudzagula mbatata ku Dedza anatenga 6, anati kwawo kutentha sikutha. Wa ku Chipata anatenga 5. Mnzanga wa ku Johannesburg uja anatenga 8 n'kukagulitsa kwa mabwana ake ndi anzawo, nanditumizira marandi, amene pa nthawiyo anali atalemera. Kugwa kwa kwacha komwe kunandipha kuja kunandibwezerako pang'ono pamenepo. Otsalawo ndinagulitsa mmodzimmodzi. Phindu panalibe. Ndinamaliza ngongole ndi chiwongoladzanja chake sabata yachiwiri ya Malichi 2024, nditawonjezera ndi ndalama za yunifolomu. Zidzukulu za mayi uja ndimazisokera yunifolomu ulere mpaka pano. Iwo amakana, ine ndimangotumiza.

Mu Ogasiti chaka chomwecho ndinakweranso minibasi ya ku Mangochi ndi kabudula mmodzi yekha m'chikwama. Mayi wa kasitolo uja atandiona nkhope inagwa. Ndinati, mayi, sindinabwere kudzagulitsa, ingochapani uyu, mumuyeze asanalowe m'madzi ndi atauma. Anachapa katatu, ndi madzi otentha dala. Patatha sabata anaimba foni, anaitanitsa 10, ndipo theka la ndalama anatumiza tsiku lomwelo.

Pa tebulo la kumbuyo uko, pafupi ndi khomo, ndaika zidutswa ziwiri zochokera pa mpukutu umodzi. Zonse ndinazidula masentimita 50, chimodzi ndachapa, china ayi. Tepi ili pomwepo, mukayeze nokha pa nthawi ya chakudya. Pali kabudula wotembenuzidwa kuti muone msoko wobisa uja, ndi mapateni a pepala la simenti a masaizi atatu, amene akufuna ajambule koma asatenge. Machesi ndili nawo m'chikwama, amene akufuna kuona mayeso a moto tikapangire panja, kuseri kwa holo, poti eni malo ano atichenjeza kale.